Khoswe Wonjenjemera Mchira ndi Manja a Abambo

Ine khoswe sindimuopa. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ana anga nkhani imeneyi ikayambika amaseka, amati amayi anathawa khoswe mpaka kutaya chitenje. Bodza limenelo. Ndinakulira ku Ntcheu ine, mbewa tinkakumba tokha atsikana, ndipo makoswe a m'nyumba ndapha ambirimbiri, ena ndi mthiko, ena ndi patapata. Koma amene ndinamuona chaka chija kuno ku Chinsapo, ayi ndithu, mpaka lero sindimuiwala.

Kuti mumvetse ndiyambe ndakuuzani za abambo akunyumba kwanga. Iwowa moyo wawo wonse anagwira ntchito ya fodya ku Kanengo, ya sizoni ija, yoti fodya akatha nanunso mwatha, mudikire chaka chamawa. Nthawi imeneyo tinkachita lendi ku 25, dera la pafupi ndi Kanengo. Msana utayamba kukana mabelo a fodya tinasamukira kuno, tinamanga kanyumba kathu, iwo n'kupeza kadimba kumunsi kumtsinje. Mpiru, repu, tchainizi, nthawi zina tomato. Iwo kulima, ine kugulitsa pabenchi pakhomo. Tinatsala awiriwiri, ana onse ali m'makomo mwawo, wina ku Kawale, wina kutali ku Joni. Moti munthu wocheza naye anali iwowo, wokangana naye iwowo, wondikanda pamsana pamene dzanja silifika iwowonso.

Kusuta sankasuta. Ankati mkulu wa mpingo ndi ndudu siziyenderana. Koma fodya wopera uja, woika kuseri kwa mlomo, ankayenda naye m'kabotolo m'thumba la malaya. Ndikawanena ankati, "Ameneyu si fodya, mayi, ndi mankhwala a mano." Mano ake ati, poti ambiri anali atagwa kale.

Tsono masamba ali ndi mdani wake, nsabwe zotuwa zija zobisala kunsi kwa tsamba. Zikagwira mpiru umapiringizika, ukauika pabenchi anthu amangotembenuza n'kuusiya. Abambo anali ndi njira yawo imene anaphunzira kwa anzawo a ku Kanengo. Ankaitanitsa zinyenyeswa za fodya, timitengo ndi fumbi lomwe, zija anthu a kumayadi amathira pakapinga, n'kuziviika mumgolo wamadzi. Zikagonera madzi ankada bii, fungo lake lolasa m'mphuno. Akatero ankapisa manja mumgolomo mpaka m'khwapa, kuvuula, kufinya, kusefa ndi neti yakale ya udzudzu, kuthira m'zigubu, kumanga panjinga, ulendo wa kudimba. Kumeneko ankawaza ndi tsache, mphepo n'kumawabwezera madziwo kumaso ndi pamalaya. Ndipo zinkagwira ntchito, ndisaname. Masamba athu anali obiriwira kuposa a wina aliyense kumtsinje kuja.

Mgolowo unkakhala m'kitchini yathu yapanja, kuseri kwa nyumba. Kudimba sungasiye mgolo, mawa ukapeza pamalo pokha. Pambali pake panali thumba la madeya limene linatsala nkhuku zanga zitatha ndi chitopa. Nkhuku zimene zija ndisaziyambe, ndingalire. Panali thadzi lina lofiira loti likaikira linkabwera kudzandiuza pakhomo ngati munthu. Zinangogwa imodziimodzi mpaka khola mbee. Thumbalo ndinangolisiya pomwepo, ndimvekere mwina ndidzapezanso anapiye.

Chaka chimenecho kunatentha koopsa. Pakiyosiki ya madzi tinkapita m'mamawa n'kubwerako dzuwa litakwera, nthawi zina ndi ndowa youma. Nsabwe nazo zinachuluka ngati zatumidwa. Kale abambo ankawaza mwa apo ndi apo, koma tsopano anayamba tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, fodya n'kumaika wochuluka kuti madzi awawe kwambiri. Mgolo nawo unali utayamba kudontha kunsi, kadontho kakang'ono, n'kumanyowetsa thumba la madeya lija.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinalowa m'kitchini kukatenga mbaula. Ndinangoona khoswe pakati pa chipinda, ali khale. Khoswe masana amathawa, mwana aliyense amadziwa. Uyu ayi. Anangondiyang'ana. Ndinaponda pansi kuti dii, iye osasuntha. M'pamene ndinaona mchira. Thupi lonse lili phee, koma mchira wokha ukunjenjemera, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ukugunda pansi kuti tititi. Kenako anadzikoka pang'onopang'ono n'kulowa kuseri kwa mgolo.

Nditawauza abambo anati, "Wadya poizoni kwa aneba ameneyo, mawa mukamupeza atauma." Ndinavomera. Koma khoswe wodya poizoni amafa. Uyu mawa lake anabweranso, ndinamuzindikira ndi khutu lake long'ambika, ndipo kunjenjemera kunali kutakula, kutafika m'miyendo yakumbuyo. Posakhalitsa anabwera ndi anzake, onse michira ili tititi. Tsiku lililonse kuposa dzulo lake. Ndinatenga mthiko kuti ndiphe, koma dzanja linakana. Chinthu choti sichikukuthawa chimavuta kupha.

Masiku omwewo tinakhala pakhonde tikumanga masamba m'timitolo. Ndinaona abambo akulimbana ndi mfundo imodzi, akamanga yamasuka, akamanga yamasuka. Munthu amene ankasoka mabelo maso ali kwina akucheza. Nditayang'anitsitsa, zala zikuvina zokha. Ataona kuti ndaona anabisa dzanja m'khwapa.

"Bwanji dzanjalo?"

"Dzanja liti?"

"Limene mwabisalo."

"Mayi, gulitsani masamba. Udokotala munauphunzira kuti, ku Sitandade faifi kuja?"

Ndinaseka kuti asakwiye, koma mtima unali utagwa kale.

Kuchokera pamenepo zinthu zinangoipiraipira. Akabwera kudimba ankafika thukuta lili kamukamu, malovu akudzadza m'kamwa, mutu ukuwazungulira. Nthawi zina ankasanza kuseri kwa bafa n'kukwirira ndi phazi kuti ndisaone. Anati ndi malungo, tinagula mapiritsi pagolosale, palibe chinasintha. Ndikati tiyeni kuchipatala, iwo amvekere nanga nsabwe zindidikira? Ndipo manja akayamba kunjenjemera ankatsegula kabotolo kaja, kutapa fodya wambiri, kuika kukamwa. "Ameneyu ndiye amakhazika mtima," ankatero. Kwa kanthawi ankaonekadi ngati apezako bwino. Kenako zinkabwerera ndi mphamvu.

Ine maganizo anali pa sitiroko. Ku 25 tinali ndi aneba, bambo wamphamvu wokonza njinga, anayamba chonchi ndi dzanja, kenako pakamwa kupotoka, anagona pamphasa zaka, mkazi wake akumutembenuza ngati mwana. Ndinkawayang'ana abambo pakamwa akamayankhula, mpaka anandifunsa ngati ali ndi chakudya pamlomo.

Koma chimene chinandiziziritsa thupi ndi ichi. Masana ena ndinaima pakhomo la kitchini, pamalo poti ndikayang'ana mkati ndikuona khoswe wa khutu long'ambika uja, ndikatembenuka ndikuona abambo ali pampando pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili pabondo. Ndinayang'ana mchira. Ndinayang'ana dzanja. Kanjenjemeredwe kake kamodzimodzi, ngati ng'oma yawo ndi imodzi. Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi.

Ndili chikhalire anafika mayi aneba, a ku Dedza, kudzabwereka sefa. Mayi amenewa ndi abwino mtima, maliro akagwa amayamba kufika ndi iwo, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Anasuzumira m'kitchini, anaona makoswe, anayang'ana abambo, n'kugwira pakamwa.

"Amayi, awa si makoswe."

"Nanga ndi chani?"

"Mukundifunsa ine? Khoswe wake uti woyang'ana munthu m'maso? Dimba lija anthu likuwawawa, inu simukudziwa?"

Sefa anaiwala. Dzuwa lisanalowe mzere wathu wonse unali utamva kuti kwathu kuli makoswe otumidwa, akuyamwa abambo mphamvu. Mawa lake pabenchi panalibe wogula ngakhale mmodzi. Anthu ankadutsa chapatali, ana akaloza nyumba yathu amayi awo n'kuwamenya dzanja. Ndipo wina, sindikudziwa kuti ndani, anaimbira foni alamu anga.

Alamu angawa ndi achemwali awo a abambo, aakulu, amakhala ku Mchesi kumene amagulitsa makala. Makolo awo anamwalira msanga, ndiye abambo analeredwa ndi iwowa, ndipo alamuwo sanaiwalepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Kwa iwo ine ndine mlendo mpaka lero, chonsecho ndabereka ana mpaka zidzukulu. Anafika m'mawa, chitenje chomangira m'chiuno ngati akupita kumunda, moni wake wachidule.

"Mlamu, mlongo wanga akutha chonchi inu muli phee?"

"Ndakhala ndikuwauza za kuchipatala, alamu, akukana."

"Chipatala? Chipatala chimabaya jekeseni khoswe?"

Anakaona m'kitchini, anatuluka nkhope itasintha. Anati loweruka akuwatenga abambo kupita nawo kumudzi kwawo ku Ntcheu, kuli munthu wodziwa zinthu zimenezi. Abambo, mkulu wa mpingo wathunthu, anangoti, "Chabwino achemwali," maso ali pansi. Ine ndinaganiza msewu wa kumudzi kuja, kutalika kwake ndi chipatala, ndinaona kuti akapita ndidzawaonanso ali m'bokosi. Koma ndikanatani? Kwathu mwamuna ndi wa abale ake.

Alamu sanafune kudikira loweruka manja ali m'thumba. Anati pakadali pano titchinge nyumba. Kwathu aliyense amadziwa kuti njoka imadana ndi fodya, ukawaza pakhomo siilowa. Ndiye iwo anati chothamangitsa njoka chithamangitsanso zotumidwa, mankhwala tili nawo kale mumgolomu. Anatunga madzi akuda aja m'beseni, kuwaza pakhomo, m'makona, pamphasa, pabulangete la abambo. Anayatsa zinyenyeswa za fodya paphale, utsi tolo m'nyumba monse, mawindo atatseka. Kenako anawavula abambo malaya, kuviika nsalu mubeseni, kuyamba kuwapukuta msana, chifuwa, m'khosi, mikono yonse. Atatha anawaveka malaya omwe aja atawaviikanso, amvekere aumire pathupi. Pomaliza anatapa fodya wam'kabotolo n'kuwaika kukamwa.

Ine ndinagwirira nawo beseni. Nanga ndikanadziwa bwanji? Nanenso ndinkafuna chinthucho chichoke.

Sipanapite nthawi. Abambo anati, "Mayi, nyumba ikuzungulira." Nkhope inatuwa ngati phulusa. Anasanza pomwepo, malovu akutsika ngati mwana womera mano, ndipo kunjenjemera kunachoka m'manja kukagwira thupi lonse, miyendo, nsagwada, mpaka mpando unayamba kugogoda pansi. Kenako anatsetsereka n'kugwa chammbali. Ndinaika dzanja pachifuwa pawo, mtima ukuthamanga, kenako ngati waima, kenako kuthamanganso.

Alamu anakuwa, "Chikutuluka! Musamugwire, chikutuluka!"

Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinatuluka wopanda nsapato, kuthamangira kumsewu kumene amaima anyamata a kabaza wanjinga zamoto, ndinamugwira mmodzi malaya. Tinafika pakhomo, alamu atsekereza chitseko ndi thupi lawo.

"Mukupita naye kuti mlongo wanga?"

"Kuchipatala."

"Ndakana ine."

"Alamu, pepani, sunthani."

"Akakafera panjira mudzayankha ndinu. Mudzauza abale onse kuti munamupha ndinu."

"Ndidzawauza."

Liwu limenelo linatuluka lokha. Zaka zonsezi sindinawayankhepo alamu, ngakhale tsiku lija ananena kuti ndiwo zanga n'zamadzi pamaso pa alendo. Anasuntha. Wakabaza anawanyamula abambo, kuwakhazika pakati, ine kumbuyo, ndinawamanga ndi chitenje kumsana kwa woyendetsayo ngati khanda. Misewu ya ku Chinsapo mukuidziwa, maenje okhaokha. Mutu wawo unkagwera paphewa panga, ine n'kumawaitana m'khutu, abambo, abambo, musagone. Fungo la fodya pamalaya paja linkandilowa mpaka nanenso mseru. Njira yonse ndinkangomvetsera ngati akupuma. Pena ndinkamva, pena mkokomo wa njinga unkabisa, ndipo pamenepo ndinkati basi, ndanyamula maliro, alamu ananena.

Kuchipatala anesi atangowayandikira anabwerera m'mbuyo, kugwira mphuno. Funso loyamba linali lakuti, "Amwa mankhwala a mbewu? Munakangana?" Ndinachita manyazi osaneneka, anthu pabenchi onse maso pa ine. Ndinati ayi, sanamwe kanthu, ndi madzi a fodya, tawapaka. "Mwawapaka?" Sanadikire kuti ndifotokoze. Anavala magolovesi, kuwavula malaya aja n'kuwaponya m'jumbo, kuchotsa fodya anali kukamwa, kuwasambitsa ndi sopo thupi lonse ngati mwana wagwera m'matope, kenako dilipi. Ine anandiuza kuti ndikasambe m'manja ndi m'khosi momwe anatsamira, ndidikire panja.

Panja paja ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji sindikudziwa. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira. Pafupi nane panali mayi wina akusenda nthochi, anandipatsa imodzi, ndinangoigwira mpaka inafewa m'manja.

Dzuwa litapendeka anandiitana adokotala, mtsikana ndithu, msinkhu wa mwana wanga womaliza, koma woyankhula mofatsa. Anati abambo mtima wakhazikika, agona konkuno tiwaone. Kenako anandifunsa zonse, ntchito yawo, mgolo, amapisamo manja kangati, anayamba liti. Ndinafotokoza. Pomaliza ndinati ndinene za makoswe kapena ndisanene, andiseka. Koma ndinanena.

Sanaseke. Anafunsa kuti makoswewo amadya chani. Ndinati kaya, m'kitchinimo muli madeya okha. Ndili pakati poyankhula ndinaona thumba lija m'maso mwanga, kunsi kwake konyowa, kwakuda, kobooka ndi mano. Ndi chilala cha madzi chimene chija, kadontho ka pamgolo ndiye kanali chitsime chawo.

Zimene anandiuza ndizinena m'mene ndinazimvera ine, sukulu yanga ndi yochepa. Anati mufodya muli mankhwala otchedwa nikotini, ndi amene amapha nsabwe zija. Salowera pakamwa pokha, amalowanso pakhungu, makamaka likanyowa. Akalowa amayenda ndi magazi mpaka ku ubongo. Tsono ubongo umalamula thupi potumiza mauthenga m'mitsempha, dzanja gwira, dzanja siya, ndipo pali timadzi tina tam'thupi timene timanyamula mauthengawo. Nikotini amafanana nato, ndiye amakalowa pamalo pake n'kumatumiza mauthenga amene munthu sanatume. Dzanja limangomva gwira siya gwira siya, osapuma. Anatinso ukamalowetsa tsiku ndi tsiku ubongo umasintha, umayamba kumufuna fodyayo, moti munthu amaona ngati akumuchiritsa pamene akumuonjezera.

"Nanga makoswe aja?"

"Sindinawaone amayi, sindinganene motsimikiza. Koma ubongo ndi mitsempha ali nazo ngati ife."

Ndinafunsa chimene chinali pamtima. "Ndiye manja achira?"

Anati za lerozi zitha, poizoni achoka m'thupi. Koma pa msinkhu wawo kunjenjemera kumabweranso ndi matenda ena a ukalamba, oti fodya angakhale anangowaonjezera. Sitingadziwe lero. Asiye fodya yense, wamumgolo ndi wam'kabotolo yemwe, tione m'mene zikhalire, ndipo muzibwera nawo.

Atatuluka m'chipatala ndinapempha anyamata awiri anakataya madzi aja kudzenje, mgolo ndinagulitsa kwa ogula zitsulo, madeya ndinakwirira. Bulangete ndinachapa mpaka manja kusupuka. Ndinkaganiza kuti basi zatha. Kumeneko ndiye kunali kuyamba.

Munthu amene waika fodya kukamwa kuyambira ali mnyamata, kumulanda, mumaona ngati mwakwatiwa ndi munthu wina. Abambo ofatsa aja anasanduka mkango. Tiyi watentha, tiyi wazizira, mwandiyang'aniranji, wailesi ikulongolola. Chakudya osachifuna, kenako kuchifuna chonse. Ankayendayenda pabwalo akusisita thumba la malaya mopanda kanthu. Ndipo manja, mayo ine, masiku oyambawo ankaoneka ngati akunjenjemera kuposa kale. Ndinkawamangira mabatani ndine. Kuwameta ndevu ndine, ndikuopa kuwacheka chifukwa chibwano nacho sichinkakhazikika.

Alamu anabwera kudzazonda, anakhala pampando, anayang'ana manja a mlongo wawo nthawi yaitali. Za tsiku lija sanazitchule, ngati sizinachitike. Anangoti, "Mwaona mlamu? Chipatala chanu chija ndi chimenechi?" Mumtima ndinayamba kukayika, ndimvekere mwina mtsikana uja ananena za m'mabuku chabe, mwina aneba ananena zoona, mwina ndikuwachedwetsa abambo n'kudzawataya ndekha. Makoswe anali atasowa, koma amene amakhulupirira zotumidwa ankati asowa chifukwa ntchito yawo aimaliza.

Alamu anati galimoto yapezeka, mwana wa mnzawo akupita ku Ntcheu kukatenga mbatata, abambo anyamuke nawo. Ndinayang'ana abambo. Ndinadziwa kuti akangoti chabwino achemwali, ine sindingathenso kuima pakhomo kachiwiri. Ndiponso kumudzi kuja fodya ali m'nyumba iliyonse, wolandira mlendo amayamba ndi kumutambasulira kabotolo.

Abambo anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. Kenako anati, "Achemwali, tsiku lija ndinaona mdima. Ndinamva mawu a mayiwa okha m'khutu. Ndipatseni mpaka mvula igwe. Ikagwa ndili chonchi, ndidzabwera ndekha."

Alamu anaimirira, kukutumula chitenje. "Wakudyetsa chani mkaziyu?" Anapita osatsanzika.

Ndiye ine moyo wanga unakhala woyang'ana zinthu ziwiri, kumwamba ndi manja a abambo. Chaka chilichonse munthu umapempherera mvula kuti ibwere msanga, koma chaka chimenecho ndikaona mtambo kumbali ya ku Dzalanyama ndimvekere Ambuye dikirani kaye. Kudimba nsabwe zinadya mpiru wonse, repu yense, tinangozula n'kutaya. Abambo anakaona n'kubwerako. Madzulo ake ndinawapeza ataima kumpanda akuyankhula ndi agogo ena a kuseri kwathu amene amapera fodya wogulitsa. Ndinangoima pakhonde. Anatembenuka, anandiona, anabwerera manja ali m'mbuyo.

"Tambasulani."

"Mayi, ndine mwana ine?"

"Tambasulani abambo."

Anatambasula. Munalibe kanthu. Koma sindinagone mtima uli m'malo masiku amenewo, ndinkanunkhiza malaya awo ndisanachape ngati mkazi wansanje.

Kusintha kwake sikunabwere tsiku limodzi ayi. Ndinangozindikira m'mawa wina kuti atuluka m'nyumba mabatani ali omanga, olakwika limodzi koma omanga okha. Sindinanene kanthu, ndinaopa kuti ndikanena zibwerera. Kuchipatala tinkapita monga anatiuzira, adokotala ankawauza kuti atambasule manja, agwire mphuno, ayende pamzere, n'kumati tiyeni tizionabe.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, ya fungo la dothi lija. Ine m'malo mosangalala ndinakhala pakhomo ndikuyang'ana msewu, kudikira alamu. Kutacha abambo anati tiyeni kudimba, mbande za tomato zakula pa nazale, tikawokere. Mbande ya tomato inu mukuidziwa, kathunthu kake kofewa ngati ulusi, ukangofinya pang'ono yathyoka. Ndinati ndizizula ine, inu muzikumba mayenje. Anakana.

Anagwada pamatope. Analowetsa zala pansi, kunyamula kambande ndi dothi lake, kupita nako padzenje, kukhazika, kutsendera m'mbali. Sikanathyoke. Anatenga kena. Ine ndaima ndi kheni yothirira m'manja, madzi akutayikira pamapazi osazindikira. Dzanja lamanja linali phee ngati kale. Lamanzere, chala chaching'ono ndi chinzake zinkagwederabe pang'ono, ndipo mpaka lero zimatero, makamaka m'mawa kapena akatopa. Adokotala amati tiziyang'anira. Ine ndimayang'aniradi, mwina mopitirira, ndipo tsiku limene zagwedera kwambiri chakudya sichindilowa.

Atamaliza mzere woyamba anatulutsa foni m'thumba, manja ali matope, n'kundipatsa.

"Imbirani achemwali. Muwauze kuti kumudzi sindipita."

"Muwauze nokha, ndi achemwali anu."

"Iii mayi, inu ndi amene mumatha kuwayankha."